Mabuleki a Ababa

Detroit, 4 Febuluwale 1991

Iwe Reino,

Moni mlongo wanga, ngati manja ukadali nawo. Chichokereni kumeneko pa Khirisimasi sindinalandire ngakhale kachidutswa ka pepala, mpaka ndimaganiza kuti chipale chakukwirira pamodzi ndi positi ofesi yomwe. Ife kuno tili bwino, kungoti kuzizira kwalowa m'mafupa. Darlene mkazi wako ali bwanji? Nanga ababa, bondo lija likuwavutabe?

Nkhani ndi iyi. Mwana wanga Noreen ndi Curtis wakeyo asankha tsiku, ukwati ndi pa 15 Juni. Akuti za m'tauni sakuzifuna, akufuna kwathu ku Hancock, m'tchalitchi chathu cha pamwamba paphiri, madyerero ku holo ya kumunsi ija. Ndipo Noreen wauma mutu ngati ine mayi wake: akuti potsika mtsetse kuchoka kutchalitchi sakwera galimoto ina koma yobiriwira ya malemu amayi, ya 1963 ija. Ndi imene inakamutenga kuchipatala atabadwa, ndiye akuti imutengenso tsiku limeneli.

Ababa anamulonjeza ine ndili pomwepo. Anamugwira dzanja, misozi ili lengelenge, nkunena kuti pofika Juni galimotoyo idzakhala ikuwala ngati yatsopano. Chimwalirireni amayi sindinawaone atasangalala chotero, ndipo galimotonso sinasunthe m'galaja chichokere nthawi imeneyo.

Ndiye ndiuze, ayamba? Akudya bwino? Usandiimbire foni ayi, pafoni iwe umangoti "ee" ndi "ayi" ngati wagwidwa ndi apolisi. Khala pansi ulembe, ndipo ulembe zonse.

Ndine mlongo wako,
Hilkka


Hancock, 17 Febuluwale 1991

Achemwali,

Moni. Manja ndikadali nawo, koma akhala ali pachiwongolero cha chigalimoto chokankha chipale kuyambira Disembala, ndiye mundikhululukire. Darlene akupereka moni. Bondo la ababa lilipo, silinathawe.

Mwati ndilembe zonse, ndiye ndilemba zonse, ngakhale zina simuzikonda.

Ababa anayamba. Anayatsa mbaula m'galaja, galimoto nkuikweza pa zipika, ndipo injini inalira sabata yoyamba yomweyo. Kenako anafika pa mabuleki akumbuyo. Madilamu, zimbale zachitsulo zija zimavundikira mabuleki, anali atamatirira ndi dzimbiri. Ndinaima ndikuwaonerera akudonthezera oyilo, akugogoda ndi hamala pang'onopang'ono mozungulira, kenako akulowetsa sikuludilaiva pa kabowo kakumbuyo kuti amasule zam'kati. Dilamu lakumanzere linatuluka ndi fumbi lakuda, akangaude ndi chisa cha mbewa. Mtima wanga unakhala pansi tsiku limenelo. Ndinati manja awa akadali omwe aja anakonza mabasi a ana asukulu moyo wawo wonse.

Mukukumbukira lamulo lawo? Inu mumathawira kukhitchini, koma ine ndinakulira nalo. Mabuleki akumbuyo satsegula mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Umatsegula mbali imodzi, inayo nkuisiya momwe ilili, kuti ukasokonezeka uzikasuzumira. Amati mbali inayo ndiye mphunzitsi wako, ndipo wopha mphunzitsi ndi chitsiru. Anachotsapo munthu ntchito kugalaja ya mabasi chifukwa cha zomwezi.

Lachinayi masana ndinawapititsira chakudya. Ndinapeza mbali zonse ziwiri zili mbulanda. Masipuling'i, mapini, mashuzi aja amakhuza dilamu kuti galimoto iime, zonse za kumanzere ndi za kumanja zili m'chitini chimodzi cha khofi, zina zili pansi.

Achemwali, mumvetse chimene chikundiopsa. M'kati muja muli kachitsulo ka mano, kozungulira ngati nyenyezi. Ntchito yake nkumanga mabuleki pang'onopang'ono nthawi iliyonse munthu akaponda buleki akubwerera m'mbuyo. Ka kumanzere ndi ka kumanja timafanana ngati mapasa, koma timapota mosiyana. Mukatisinthanitsa, m'malo momanga timamasula, tsiku ndi tsiku, mwakachetechete. Komanso galimoto zakale izi mafuta a mabuleki ali ndi njira imodzi yokha. Akadontha kumbuyo, matayala onse anayi alibe buleki. Mtsetse wa kutchalitchi mukuudziwa nokha, ndi ngodya ija ili pansi pake.

Ndinawafunsa mwaulemu chifukwa chake atsegula konse. Anayang'ana chitini chija nthawi yaitali, kenako nkuyang'ana gudumu lakumanja.

"Watsegula mbali iyi ndani?" anatero.

Sankachita nthabwala. Nditawauza kuti m'galajamo salowamo wina koma iwo, nkhope inasintha. Anati ndine ndabwera mozemba kudzasokoneza ntchito yawo, ndipo anandipirikitsa ndi sipanala m'manja. Chakudya ndinachisiya pa boneti.

Si izi zokha. Ketulo aipsereza kawiri. Tsiku lina anamuitana Darlene ndi dzina la amayi, osati molakwitsa pakamwa, koma mpaka kumufunsa kumene waika magalasi awo. Masiku ena ali bwinobwino, nkumakusekani kuti ndinu wogona. Ndi zimene zimandisowetsa pogwira.

Maganizo anga ndi akuti mumuuze Noreen apeze galimoto ina. Kapena muwalembere ababa kuti andilole ndimange ine mabulekiwo, poti inu amakumverani. Ndili ndi mantha, sindikubisirani.

Ndine,
Reino


Detroit, 26 Febuluwale 1991

Reino,

Moni. Kalata yako ndaiwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko ndinachita kuima chifukwa mpando unanditentha.

Ukundiyesa mwana eti? Amayi asanathe ndi mwezi m'manda, ndani anabwera ndi munthu wa ku Wisconsin uja, wa chipewa chachikulu, kudzazungulira galimoto yomweyi akuigogoda m'mbali ngati akugula ng'ombe? Si iwe? Nanga ndani anandiuza chaka chatha kuti ku nyumba yosungira okalamba ija kuli mawindo aakulu ndi chakudya chabwino? Si Darlene? Lero ababa apeza chinthu chowadzutsa m'mawa, inu mwayamba kuwerenga maketulo. Ine ndapserezapo miphika ingati, bwanji osanditsekera?

Munthu wakonza mabuleki kuyambira iwe usanabadwe, mabasi odzaza ana a eni akutsika mtsetse womwewo pa chipale, osagwetsa ndi imodzi yomwe. Ngati watsegula mbali zonse ziwiri ndiye kuti akudziwa chimene akuchita. Galu wamkota sakandira pachabe. Lamulo lija analiikira anthu ngati iwe, osati iwo eni.

Zoti anafunsa kuti watsegula ndani, ine ndikuti amakunyogodola iwe osamva. Ababa timawadziwa, amatha kukuseka nkhope ili gwa.

Ndipo ndikuuziretu, Noreen sindimuuza kanthu. Mwana akusoketsa diresi, ine ndikamuuze kuti agogo ake azungulira mutu chifukwa amalume ake aona chitini? Kwa ababanso sindilemba zowalanda ntchito m'manja. Ukawalanda galimoto imeneyi wawakumbira manda, ndipo fosholo udzanyamula wekha.

Usapondenso m'galaja muja. Uziwapititsira chakudya, uziwadulira nkhuni, basi. Ngati ukufuna kuthandiza, kafunse za holo, uone ngati denga lija analikonza.

Ndakhumudwa nawe kwambiri, ndipo sindikubisa.

Hilkka


Hancock, 21 Epulo 1991

Mwana wanga Hilkka,

Moni wambiri kwa iwe ndi kamtsikana kathu. Zikomo chifukwa cha masokosi, akundikwana. Kuno chipale chayamba kusungunuka, pabwalo pali matope okhaokha, ndipo denga la galaja likudontha pakona pomwe paja.

Ukufunsa za galimoto. Usade nkhawa mwana wanga, galimoto yaima ndi miyendo yake. Ndaitsuka, ndapukuta zonyezimira zonse, mipando ndaipaka mafuta. Ikalira injini ungaganize kuti ndi mphaka wakhuta.

Mabuleki akumbuyo anandivutako pang'ono. Dzimbiri linadya masipuling'i, ina inangothyoka nditaikoka ndi pulayala. Mashuzi akale anali atatha ngati chidendene cha nsapato ya wapositi, ndiye ndinaitanitsa atsopano. Ndamanga zonse. Patsala kasipuling'i kamodzi ndi kapini m'chitini, ndazunguliranazo koma malo ake sindikuwaona. Ziyenera kuti ndi za basi ina yakale zinangogweramo.

Mlongo wako sindimulola kulowa. Amabwera ndikakhala kulibe nkumasuntha zinthu, ndikabwera chimene ndinaika apa chili apo. Ndagula loko, kiyi ndikumanga m'khosi. Zimandiwawa mtima, mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira sipanala. Sindikudziwa chimene ndinamulakwira.

M'mawa uliwonse ndikamwa khofi ndimaitulutsa galimoto chambuyo mpaka pageti, nkuponda buleki, nkuilowetsanso. Ndimatero kangapo kuti mashuzi atsopano akhazikike. Chopondera chikumatsika pang'ono kuposa sabata yatha, koma zatsopano zimatero, zidzakhala bwino. Panalinso kadontho pansi pafupi ndi tayala lakumanja. Ndikuganiza kuti ndi denga lija.

Ndamuuza Lahti mnzanga kuti pa tsikulo ndidzayendetsa ndekha, nditavala suti yakuda. Iwe ndi mwana mudzakhala kumbuyo, mkwati kutsogolo ndi ine kuti ndimuone bwino ngati ndi munthu. Amayi ako akuti maluwa tisamangirire pagalasi lakutsogolo, amatchinga. Ndawauza kuti akuuze okha ukabwera, poti ine za maluwa sindizidziwa.

Ubwere ndi khofi wa m'sitolo ya Apolishi ija. Wakuno akukoma ngati madzi otsukira mbale.

Ndine bambo ako okukonda


Detroit, 12 Meyi 1991

Reino,

Moni, ngakhale iwe moni wako wauika m'thumba. Miyezi iwiri ndi theka osandiyankha. Wakwiya, ndamva, koma ukwati sudikira mkwiyo wa munthu. Za holo zili pati? Abusa unalankhula nawo?

Ababa anandilembera, kalata yabwino, zilembo zoongoka kuposa zako. Galimoto yatha, ikuyenda, akuiyesa tsiku ndi tsiku. Ndiye munthu amene umati mutu sukugwira ndi ameneyu? Kutsutsa galu nkukumba, ndipo iwo akumba. Koma zoti bambo wako mpaka kugula loko chifukwa cha iwe, ukanachita nazo manyazi.

Pali mzere umodzi wokha umene sindinaumvetse, wonena za amayi ndi maluwa. Ndikuganiza kuti amatanthauza zimene amayi ankanena kale pa ukwati wanga. Munthu wokalamba polemba amadumpha mawu. Sindikufuna undiyankhe za zimenezo, ndangotchula.

Ndidzafika sabata ya ukwati. Uwauze a Lahti kuti nsomba zootcha zija anatilonjeza tikuziyembekezera. Undiyankhe za holo, zinazo usunge.

Hilkka


Hancock, 3 Juni 1991

Achemwali,

Moni. Holo ili bwino, denga analikonza, abusa akudziwa, nsomba zidzakhalapo. Tsopano muwerenge mpaka pansi, ndikukupemphani, ngakhale mupse mtima.

Sindinakumvereni. Loweruka a Lahti anatenga ababa kupita nawo kukanyumba kawo ka kunkhalango kukawedza ndi kukawotha nthunzi m'sauna, ndipo ndimadziwa kuti sabwera mpaka madzulo. Loko sindinathyole, ndinamasula mahinjesi a chitseko. Ndinalowa m'galaja ya bambo anga ngati mbala.

Ndisanagwire chilichonse ndinakhala pampando nkuponda buleki. Chopondera chinatsika mpaka kutsala pang'ono kugunda pansi. Nditachisiya chopondedwa, chinapitiriza kumira chokha.

Ndinakweza galimoto nkuchotsa matayala. Madilamu amene mu Febuluwale amafuna hamala, ulendo uno anangotuluka ndi manja, poti m'kati munalibe chowagwira. Tinyenyezi tija tinali tosinthanitsa, monga ndimaopera, ndipo kubwerera m'mbuyo kwawo kwa m'mawa uliwonse kunali kutatimasula pafupifupi mpaka kumapeto. Kumanja shuzi imodzi inalibe sipuling'i yoigwira, imangolendewera. Nati ya paipi ya mafuta inali yomanga ndi zala zokha, yonyowa, ikudontha. Ndinakhala pansi pa simenti nkulira, ine bambo wa imvi. Sindinalire chifukwa cha galimoto. Chilichonse chinali chopukutidwa bwino, chopakidwa girisi pamalo pake, mwaukhondo wawo uja. Manja akugwirabe ntchito mokongola, koma woyang'anira manjawo wachoka.

Ndinaphwasula zonse nkuyamba mwatsopano. Mbali yoonera panalibe, ndiye ndinabwereka buku lakale la zithunzi kwa makaniko wa ku Calumet. Darlene anandipondera buleki pochotsa mpweya m'mapaipi. Kenako ndinatsika nayo mtsetse wa kutchalitchi ndekha, kawiri, ndipo inaima ngati yakhomedwa. Ndinaibwezera pamalo pake, matope nkupukuta, chitseko nkumanga. Dzulo ababa anandiuza pa mpanda, monyada, kuti mashuzi aja akhazikika monga ananenera. Ndinangoti zakhala bwino.

Choncho Noreen akwere, galimoto ili bwino. Ababa aziyendetsa okha, njira ija ili m'magazi mwawo, ndipo ine ndidzakhala patsogolo pawo ndi yanga pang'onopang'ono. Musawauze chimene ndachita. Munanena zoona kuti zingawaphe, pamenepo sindikutsutsani. Asangalale tsiku lawo.

Koma chimene ndikupempha ndi ichi. Anthu akadzaona galimoto ikuima bwino adzayamba kuwatama, ndipo inu mukuwadziwa ababa akatamidwa. Asagwirenso mabuleki a munthu aliyense. Ukwati ukatha, inu ndi ine tikhale pansi tione chochita ndi zida zawo, komanso tiwatengere kwa dokotala. Ndekha sindingathe, amandiona ngati mdani.

Ndalemba m'malo modikira kuti mufike chifukwa ndikudziwa kuti m'nyumba muja ababa adzakhala ali pambali panu nthawi zonse, ndipo ife awiri tikayamba kulankhula timathera kukalipirana. Mukafika mungondigwedezera mutu, ndidzadziwa kuti mwamva. Ukwati ukangotha ine ndi Darlene tidzapita kunkhalango kwa alamu anga sabata imodzi, ndikapume. Chaka chino chandikalambitsa.

Ndine mlongo wanu,
Reino


Detroit, 21 Juni 1991

Reino mlongo wanga,

Moni. Ndafika dzulo madzulo, miyendo yatupa, mawu atha, koma mtima uli mbee. Ndikulemba ndisanamasule ndi masutikesi omwe, chifukwa sindikufuna kuti tikhale chonchi ine ndi iwe.

Ndapeza kalata yako pansi pa chitseko pamodzi ndi mapepala a magetsi. Inafika nditanyamuka kale, paja ndinabwera msanga kudzaphika mabuledi. Ndiyo imene umandifunsa pakhomo la tchalitchi ija eti? Pepa kuti ndinakuyankha mokalipa kuti osati lero. Unandiyang'ana ngati ndakuponda chala, kenako tsiku lonse nkumangondizemba. Sindinaitsegule. Ndikudziwa kuti muli madandaulo omwe aja, ndipo ndikufuna ndiyambe ndanena zanga mtima uli pansi.

Unaona wekha. Galimoto ya amayi inatsika mtsetse uja ngati mkwatibwi nayonso, ababa ali njo pachiwongolero, suti yakuda, Noreen akulira ndi kuseka kumbuyo. Pangodya ya pansi paja inaima mwaulemu, ngakhale maluwa sanagwedezeke. Iwe unali patsogolo ukukwawa ngati kamba, ndimakuona ukusuzumira pagalasi. Sindikunena kuti ndikuchititse manyazi. Unkaopa chifukwa umawakonda, tsopano ndazindikira, ndipo mawu aja ndinalemba a munthu wa ku Wisconsin ndi a Darlene ndikuwabweza. Undikhululukire. Koma nawenso uvomere kuti unalakwitsa.

Unaphonya zabwino pothawira kunkhalango Lamulungu m'mawa. Ndi ku holo kuja, iwe utachoka kale, amuna onse anawazungulira ababa, a Lahti mpaka kuimirira ndi tambula nkunena kuti m'boma lonse lino mulibe wodziwa mabuleki woposa bambo athu, Arvo Kemppainen. Ababa anakula ngati chimphona. Lamulungu lonse amangoimba nyimbo za amayi zija.

Ana anagona kwa ababa mpaka Lachiwiri. Pikapu ya Curtis ija, imene akukokera kalavani yawo, kanyumba ka matayala kogonamo pa ulendo wa chikondi, inkalira kumbuyo akaponda buleki, ndipo iye amati akaionetsa akabwerako. Ababa atamva anakana. Anati mdzukulu wawo sangapite kumapiri a ku Colorado ndi mabuleki olira iwo ali moyo, ndipo imeneyo ikhala mphatso yawo yaukwati. Curtis ndi mwana waulemu, za magalimoto sadziwa ndi pang'ono pomwe, anangovula chipewa nkupereka kiyi. Lolemba ana anapita kukatsanzika abale, ababa nkutsala ndi pikapu tsiku lonse.

Ukanawaona, Reino. Nditawapititsira khofi ndinapeza matayala onse awiri akumbuyo ali pansi, zitsulo zili mbwee, iwo akuimba mluzu, manja akuthamanga ngati a mnyamata. Ndinawaseka kuti nanga lamulo lija lili kuti, iwo nkundifunsa kuti lamulo lanji. Waona nthabwala zawo? Pofika madzulo anali atamanga zonse. Tizitsulo tingapo totsala anati ndi takale, ndinataya ndekha posesa.

Lachiwiri m'mawa ana ananyamuka, kalavani ili pambuyo, ababa akuwabayibitsa pageti mpaka anazimiririka. Noreen anati sakufuna ndondomeko, azingoyenda, kugona pamene pawakomera, ndipo adzaimba foni akakafika pamwamba pa mapiri. Ndiye ukabwerako kunkhalango upite ukawagwire dzanja ababa. Akuyenera kumva kuchokera kwa iwe kuti ntchito anaigwira.

Moni kwa Darlene. Tsopano nditeleke madzi, ndiwerenge madandaulo akowo ndi khofi m'manja.

Ndine mlongo wako wokukonda,
Hilkka

Reino, ndatsegula.

Ndaimba kwanu, foni ikungolira. Kwa alamu ako kunkhalango kulibe foni, ndikudziwa. Ndaimba kwa makolo a Curtis, nawonso sanamve kanthu chinyamukireni, ndipo mayi ake amaseka kuti ana a pa ulendo wotere saimbira makolo. Sindinathe kuwauza.

Ndaimba kwa ababa. Anayankha mosangalala, akuti akudya nsomba zotsala. Ndinawafunsa modekha ngati anamanga bwino mapaipi a pikapu ya Curtis, ngati akukumbukira kuti kanyenyezi kalikonse kanabwerera mbali yake. 

"Curtis wake uti, mwana wanga?" anatero.

Ndauza apolisi akuno. Akuti angathe kudziwitsa anzawo a m'njira, koma akufuna nambala ya pikapu ndi msewu umene adzera. Nambala sindikuidziwa. Msewu sananene. Ndawauza kuti ndi yofiira, ikukoka kalavani yoyera, m'kati muli mwana wanga. Wapolisiyo anati zofiira zokoka makalavani mwezi uno ndi zambiri.

Lero ndi Lachisanu. Kuchigwa, mapiri asanayambe, msewu ndi wosalala, munthu akhoza kuyenda masiku osaponda buleki mwamphamvu. Ngati sanachedwe m'njira, mapiri awayamba lero kapena mawa.

Kalatayi ndikuipereka kwa wa basi ya madzulo ano kuti a Lahti akubweretsere kunkhalango pamanja. Ukangoiwerenga thamangira pamene pali foni. Iwe unacheza ndi Curtis ku holo, mwina anakutchulira tauni, kapena dzina la phiri, chilichonse. Ine ndakhala pansi pafupi ndi foni, sindichoka. Ndili ndi mantha, Reino, ndipo amene anawapititsira khofi uja ndine.